Duwa la pepo la masamba aubweya: ndi mtengo wanji, nanga bwanji ukuchita chikasu?

Funso: Chaka chatha ndinagula kamtengo ka maluwa pa nazale ya m'mbali mwa msewu ku Zomba, n'kudzakadzala kwathu ku Lilongwe, m'tsinde mwa mpanda wa njerwa. Maluwa ake ndi aakulu, a pepo woderako, ndipo masamba ake ndi aubweya. Wogulitsayo anangoti ndi "duwa la pepo". Mnzanga wina akuti ndi jakaranda wamng'ono, wina akuti ndi lija limasintha mtundu. Pano masamba a kunsonga akuchita chikasu, ena akupsa m'mbali, maluwanso sakukhalitsa. Ndimathirira madzi a pamjigo tsiku lililonse, ndipo ndimathirapo phulusa poopa chiswe. Kodi ndi mtengo wanji umenewu, nanga ndikulakwitsa pati? — Mayi wa ku Lilongwe

Yankho: Mayi, tisanakambe za duwalo, kathothoreni tsamba limodzi n'kulitembenuza. Masamba a mitengo yambiri, monga mango kapena gwafa, ali ndi mtsempha umodzi waukulu pakati, timitsempha tina n'kumachokera pamenepo kupita m'mbali. Tsamba lanulo, ngati ndi mtengo umene ndikuuganizira, lili ndi mitsempha ikuluikulu itatu, isanu, nthawi zina isanu ndi iwiri, yonse yoyambira m'munsi mwa tsamba, n'kupindika pang'ono, n'kukakumananso kunsonga. Pakati pa mitsemphayo pali timizere topingasa. Kenako gwirani nthambi yanthete pakati pa zala n'kuipotokola pang'ono: muimva kuti si yozungulira, ili ndi mbali zinayi, ndipo ili ndi ubweya wofiirira. Masamba amakhala awiriawiri, moyang'anizana. Mukapeza zonsezi, mtengo wanuwo ndi Tibouchina urvilleana, umene m'manazale a Chingerezi amaulemba kuti princess flower kapena glory bush.

Duwalo lingotsimikizira zomwe tsamba lanena kale. Limakhala ndi timasamba tisanu totambasuka, kukula kwake pafupifupi masentimita 7 mpaka 10, ndipo pakati pake pamatuluka timaulusi 10 tapepo, topindika ngati zikwakwa, tisanu titalitali ndi tisanu tifupitifupi. Fungo mulibe. Mukakhala pafupi m'mawa mudzaona kuti amene amabwerapo kwambiri ndi bemberezi. Mungu wa duwali uli m'timatumba tomwe tili ndi kabowo kamodzi kunsonga, ndiye sungatuluke pokhapokha kachilombo katagwira kaulusiko n'kukanjenjemeretsa mwamphamvu. Bemberezi amatha zimenezo. Njuchi za uchi sizitha.

Anzanu aja onse awiri aphonya, ngakhale ndikumvetsa chimene chawasokoneza. Jakaranda ndi mtengo waukulu, masamba ake ndi timasamba ting'onoting'ono tambirimbiri pa phesi limodzi, maluwa ake ndi obooka ngati kabelu, a pepo wopita ku buluu, ndipo amachita maluwa mu Seputembala ndi Okutobala, mtengo uli wopanda masamba. Wamng'ono wa msinkhu wa m'chiuno simungauone uli ndi maluwa otero. Lija limasintha mtundu ndi Brunfelsia, la m'banja la tomato ndi fodya. Duwa lake limamasuka lili la pepo, mawa lake n'kuyezuka, mkuja n'kuyera, moti pa chitsamba chimodzi mumaona mitundu itatu nthawi imodzi. Masamba ake ndi osalala, opanda ubweya, a mtsempha umodzi pakati. Kusiyanitsaku si nkhani ya dzina chabe: Brunfelsia ndi yapoizoni, ndipo agalu akadya timbewu take amadwala kwambiri, ena amafa kumene. Chimodzimodzi Duranta, imene yadzaza m'mipanda ya m'tauni, ya timaluwa tating'ono tapepo ndi tizipatso tachikasu tolendewera. Tizipatsoto n'toopsa kwa ana ndi ziweto. Bougainvillea ndiye simungasokoneze, minga yake ikukumbutsani.

Pali wachibale mmodzi amene angakusokonezeni zenizeni, ndipo ndi wakwathu konkuno. M'madambo ndi m'mbali mwa timitsinje ta kumapiri a Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe mumamera zitsamba za mtundu wa Dissotis, za banja lomwelo la Melastomataceae. Masamba ake ali ndi mitsempha yoyenda motalika yomweyo, maluwa ake ndi apepo, a timasamba tisanu. Poti munagula ku Zomba, n'kutheka kuti wina anakazula kuthengo n'kuika mu chubu. Yang'anani pakati pa duwa: la Dissotis princeps limakhala ndi timaulusi tina tachikasu pakati pa tapepo, ndipo masamba ake nthawi zambiri amakhala atatuatatu pa mfundo imodzi. La Tibouchina urvilleana chikasu mulibe. Palinso Tibouchina granulosa, yomwe imafika pokhala mtengo weniweni wa mamita 10, masamba ake aatali, okhakhala m'malo mofewa, maluwa ocheperako koma ambiri pa tsango. Mukakayikabe, dulani kanthambi kokhala ndi masamba ndi duwa, kapanikizeni pakati pa nyuzipepala kaume, n'kupita nako ku National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi. Likulu lawo lili ku Zomba, koma ali ndi munda ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Chabwino n'chakuti kasamalidwe ka abale onsewa n'kofanana, ndiye zimene ndikuuzeni zigwirabe ntchito.

Kwawo kwa mtengowu ndi kum'mwera kwa Brazil, madera a mvula yambiri ndi mpweya wachinyezi. Dzina lachiwirilo, urvilleana, analitcha pokumbukira Jules Dumont d'Urville, woyenda panyanja wa ku France. Mukamafufuza pa intaneti mudzaupezanso pa dzina loti Pleroma urvilleanum, poti akatswiri a zomera anasamutsira mitundu yambiri ya Tibouchina ku gulu la Pleroma mu 2019; manazale sanasinthe, ndipo ena amaulembabe molakwitsa kuti Tibouchina semidecandra. Za kwawoko ndazitchula dala, chifukwa vuto lanu lagona pamenepo. Mtengowu unazolowera nthaka ya asidi, yonyowa koma yosadikha madzi. Ku Zomba, Thyolo, Mulanje, Mzuzu ndi kumtunda kwa Nkhata Bay umapeza zonsezo popanda woupempherera: dothi lofiira lomwe tiyi amakonda, mvula yochuluka, ndipo kum'mwerako chiperoni chimanyowetsa masamba ngakhale m'miyezi yozizira. Ku Lilongwe mvula ikasiya mu Epulo, mtengo umayenera kupirira miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa ya mpweya wouma. Umakula ndithu, koma mwini wake ndiye amagwira ntchito imene ku Zomba imagwiridwa ndi nyengo.

Tsono chikasu chija. Mwanena kuti ndi masamba a kunsonga, anthete. Ndikukhulupirira kuti mukawayang'anitsitsa, mitsempha yake ikadali yobiriwira, chikasu chili pakati. Chimenecho ndi chizindikiro choti mtengo ukusowa ayironi. Si kuti m'dothi lanu mulibe; dothi lofiira ladzaza nayo. Koma asidi akachepa m'nthaka, ayironiyo amamangika, mizu n'kulephera kuyamwa. Tibouchina amasangalala pa pH (muyeso wa asidi m'nthaka, umene umakwera asidi akamachepa) ya pakati pa 5.5 ndi 6.5, ndipo ikadutsa 7 amayamba kudandaula. Pa zinthu zimene mwalemba, zitatu zikukankhira pH m'mwamba nthawi imodzi.

Choyamba ndi phulusa, ndipo ndilo ndikuliloza chala kwambiri. Phulusa la nkhuni limagwira ntchito ngati laimu. M'dimba la kabichi, pa dothi la asidi wambiri, lingathandize. Pa mtengo uwu likupha pang'onopang'ono. Lekani lero lomwe, ndipo palani lomwe lili pamwambalo. Chachiwiri ndi mpanda. M'tsinde mwa mpanda uliwonse amisiri amasiyamo zidutswa za simenti ndi matope omangira, ndipo mvula ikamatsuka khoma imatsitsira laimu momwemo. Kumbani pang'ono, mudzapeza timiyala toyera. Chachitatu ndi madzi a pamjigo. Si mijigo yonse, koma yambiri madzi ake ndi olemera ndi laimu. Suzumirani m'ketulo yanu: ngati mkati muli zoyera zomata, kapena ngati sopo amavuta kuchita thovu, dziwani kuti ndowa iliyonse imene mukuthira ikusiya zomwezo pa mizu. Mukafuna umboni, tengani dothi louma la patsinde, liikeni m'mbale, n'kuthirapo vinega. Likachita thovu kapena kulira, laimu achuluka zedi. Likapanda kutero sizitanthauza kuti zonse zili bwino, koma kuti sizinafike poipitsitsa.

Apa ndi pomwe ambiri amathamangira feteleza, n'kugula CAN poganiza kuti chikasu chilichonse ndi njala ya chimanga ija. Njala ya nayitrojeni imayambira masamba akale a m'munsi, tsamba lonse n'kuyezuka pamodzi ndi mitsempha yomwe. Yanuyi yayambira kunsonga. CAN ali ndi laimu mkati, ndiye sangakuthandizeni kubweza asidi. Ngati mukufuna feteleza wa m'thumba, gulani SA (sulphate of ammonia), amene amawonjezera asidi m'nthaka. Kwa kamtengo ka chaka chimodzi, zitsekero ziwiri za botolo la zakumwa n'zokwanira, mowaza mozungulira patali ndi tsinde, dothi lili lonyowa, n'kuthirira bwino pambuyo pake. Bwerezani pakatha miyezi iwiri m'nyengo ya mvula, osapitirira. Mizu ya Tibouchina ndi yosaya ndiponso yanthete, imapsa msanga. Zitosi za nkhuku zaziwisi ayi. Manyowa abwino ndi a masamba owolerana, ndipo ngati mungapeze masamba a paini kapena makungwa ake owola, ndiye mwalemera. Masamba a tiyi otsala m'ketulo muziwataya pomwepo, ngakhale paokha sangasinthe zambiri.

Kupsa kwa m'mbali mwa masamba ndi nkhani ya madzi ndi kutentha. Kuthirira tsiku lililonse kumamveka ngati chisamaliro, koma kumatengera kuchuluka kwake. Jagi imodzi patsiku imangonyowetsa pamwamba, mizu n'kumakwera kutsata chinyezicho, dzuwa la masana n'kuiwotcha, mchere wa m'madzimo n'kumaunjikana pomwepo. Kuli bwino ndowa yonse ya malita 20 kawiri pa sabata, katatu mu Okutobala, kuthira pang'onopang'ono kuti alowe pansi. Musanathirenso, pisani chala m'dothi. Ngati pansi pakadali ponyowa, dikirani. Madzi akadikha mizu imaola, ndipo mtengo wa mizu yoola umafota ngati wa ludzu, mwini wake n'kumawonjezera madzi. Phimbirani patsinde ndi udzu kapena masamba ouma, mokhuthala masentimita 5 mpaka 8, koma musiye kampata kuti zisakhudze tsinde. Ndipo mvula ikayamba, tchererani madzi a padenga mu diramu. Ngakhale mutamathirira a mvula kamodzi mwa katatu, kusiyana mudzakuona.

Ndikudziwa kuti kuphimbira kukukumbutsani chiswe chomwe mumathawa chija. Chiswe chimakonda zouma ndi mitengo yofooka kale. Chikapeza udzu wophimbira, nthawi zambiri chimatanganidwa nawo, ndipo kamtengo kothiriridwa bwino sikakhala koyamba kugwidwa. Muziyendera patsinde sabata iliyonse. Mukaona timisewu tadothi tikukwera, tiphwanyeni. Zikanyanya, mankhwala a chiswe a kwa ogulitsa zipangizo zaulimi, motsatira zolembedwa pa botolo, aposa phulusa. Tizilombo tina si tambiri pa mtengowu. Nthawi yotentha mungaone kodikodi, toyera tonga thonje m'mfundo, kapena kangaude wofiira kunsi kwa masamba, yemwe alimi a tomato amamudziwa bwino. Madzi a sopo ochepa mphamvu, opopera madzulo kunsi kwa masamba, amakwanira zikangoyamba kumene.

Za maluwa osakhalitsa musade nazo nkhawa. Duwa la Tibouchina ndi la tsiku limodzi kapena awiri, kenako timasamba take timayoyoka tikadali tokongola, pansi n'kuchita pepo. Kukongola kwa mtengowu kuli pa kusinthana: lina likugwa, lina likumasuka, kwa miyezi, makamaka mvula ikamapita kumapeto. Chodetsa nkhawa ndi pamene timitu ta maluwa tikugwa tisanamasuke. Pamenepo ndiye kuti dothi linaumapo kwambiri kenako n'kunyowa mwadzidzidzi. Tsamba lakale limodzilimodzi likafiira kapena kuchita olenji lisanagwe, ndi chibadwa chake, si matenda.

Maganizo anga ndi akuti muusamutse. Mungathe kulimbana ndi dothi la m'tsinde mwa mpandalo, koma simenti ikhalapo zaka, ndipo ngati khomalo limawombedwa ndi dzuwa la masana, limatulutsa kutentha mpaka usiku. Pezani malo a kum'mawa kwa nyumba, pomwe dzuwa limafika kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 11 kapena 12, masana n'kukhala mthunzi wopepuka. Ku Zomba ndi ku Mzuzu dzuwa la tsiku lonse sulivutika nalo. Ku Lilongwe limaupsereza. Musauikenso pa mthunzi wa mango, chifukwa udzangotalika, maluwa osaoneka. Pakhalenso potetezeka ku mphepo, poti nthambi zake n'zosalimba, mwera wa mu Julayi umazithyola mosavuta. Kumbani dzenje la masentimita 60 mulifupi ndi 45 kuya, patali ndi khoma mita imodzi ndi theka. Sakanizani dothi lapamwamba ndi manyowa a masamba owolerana, gawo limodzi la manyowa pa magawo awiri a dothi. Dothi la pachulu, lomwe ena amalikonda pa maluwa, pano lisiyeni. Ndi lomata ndipo nthawi zambiri lili ndi laimu. Dikirani mvula ikhazikike, kumapeto kwa Disembala kapena mu Januwale, musankhe tsiku la mitambo. Dulani nthambi gawo limodzi mwa magawo atatu, zulani ndi chibuma chachikulu cha dothi, ndipo mudzale pa msinkhu womwe unali, osakwirira tsinde.

Ngati madzi anu ndi olemeradi ndipo pabwalo ponse ndi pa zidutswa za zomangira, monga zilili m'mapuloti ambiri atsopano, dzalani mu chidebe chachikulu cha malita 40 kapena kuposa, choboola pansi. Mu chidebe dothi mumasankha nokha, ndipo madzi a mvula a diramu imodzi amapita patali.

Musanasamutse, tengani timitengo todzala kuti mukhale ndi podalira. Ndi njira yomweyo imene a nazale aja amagwiritsa ntchito. Sankhani nthambi yopanda duwa, yomwe yayamba kukhwima koma sinaume khungwa, yotalika masentimita 10 mpaka 15. Dulani ndi lezala yatsopano pansi penipeni pa mfundo. Chotsani masamba a m'munsi, musiye awiri a pamwamba, ndipo ngati ndi aakulu muwadule pakati. Zikani m'chubu cha mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi manyowa a masamba pang'ono, thirirani, n'kuvundikira ndi botolo la pulasitiki lodula pansi, pa mthunzi wowala. Botololo lizichita thukuta mkati, koma muzilitsegula kanthawi tsiku lililonse kuti masamba aubweyawo asachite nkhungu. Pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi atatu, kokani pang'ono. Kakakana kutuluka, mizu yagwira. Dzalani tambiri, poti si tonse timagwira.

Chinthu china chimene eni ake ambiri amachiopa ndi kudulira. Ukasiyidwa wokha, mtengowu umafika mamita atatu kapena kuposa, miyendo italiitali yopanda masamba, maluwa ali kumwamba komwe simukuwaona. Maluwa amabwera kunsonga za nthambi zatsopano, ndiye nsonga zikachuluka maluwanso amachuluka. Ukadali waung'ono, muzitsina kansonga ka nthambi iliyonse ikatulutsa mapeya atatu a masamba. Pamalo pa imodzi padzaphuka ziwiri. Maluwa akatha, dulani pang'ono pamwamba pa mfundo. Kudula kwakukulu kudikire mvula ikamayandikira. Mu Juni ndi Julayi musadule kwambiri, makamaka kwa amene ali ku Dedza, Ntcheu kapena m'mbali mwa madambo kumene chisanu chimawaula mbewu, chifukwa mphukira zanthete ndizo zimayamba kupsa. Chisanu chikaupsereza, musafulumire kuuzula; kawirikawiri umaphukiranso patsinde kukafunda. Kwa a ku Nsanje, Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja motentha, ndinganene mosabisa kuti ndalama yanu muigulire bougainvillea.

Pomaliza, mawu kwa owerenga a kumapiri, kumene mtengowu umakula popanda vuto. Ku Hawaii unathawa m'minda n'kulowa m'nkhalango zonyowa, kumene umapanga zitsamba zowirira zopondereza mitengo yachilengedwe, moti boma la kumeneko linaika mitundu yonse ya Tibouchina pa mndandanda wa zomera zowononga. Umafalikira makamaka ndi nthambi: ikagona pa dothi lonyowa imamera mizu. Tikudziwa kale zimene paini wa ku Mexico anachita pa phiri la Mulanje, ndi mmene lantana wadzazira m'matchire. Ngati muli m'malire a nkhalango ya Zomba kapena Mulanje, kapena pafupi ndi mtsinje, nthambi zodulira musataye kuseri kwa mpanda. Ziumitseni padzuwa kaye kapena muziwotche. Ndipo ngati muli ndi malo onyowa m'munsi mwa munda, yesani Dissotis wakwathu uja, wochokera ku timitengo todula osati wozula kuthengo.

Kwa inu mayi, masamba amene achita kale chikasu kwambiri kapena kupsa sadzabiriwiranso, ndiye musaweruze ndi amenewo. Muziyang'ana atsopano amene aphuke pakatha mwezi umodzi kapena iwiri mutasiya phulusa ndi kusintha madzi. Akatuluka obiriwira mpaka m'mbali, zatheka. Akapitiriza chikasu ngakhale mutausamutsa, funsani m'mashopu a zaulimi mankhwala a ayironi olembedwa kuti iron chelate, musungunule motsatira malangizo ake n'kuthira patsinde, ndipo mutengere dothi lanu kwa alangizi a zaulimi kuti akaliyeze pH.